Penti sayandamitsa boti

Nthawi zonse ngozi ya boti ikachitika panyanja kapena pamtsinje m'dziko muno, mafunso amakhala omwewo. Mudakwera anthu angati? Adavala majekete oyandamitsa? Nanga woyendetsa sadamve chenjezo la azanyengo lakuti kukubwera mwera?

Mafunso amenewa ndi ofunika ndipo palibe angawatsutse. Koma pali funso lina lomwe silimveka kawirikawiri pomwe ndilo limayenera kukhala loyamba: kodi matabwa a botilo adali ndi mphamvu yotani tsiku limenelo?

Pamadoko ambiri, kaya ndi ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, ku Senga Bay, kwa Makanjira kapena kwa Kachulu, boti amaliweruza ndi maso. Likangopakidwa penti wowala n'kulembedwa dzina kapena vesi m'mbali, aliyense amati boti ndiye ili. Chikhalirecho akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boti limayamba kuwolera m'kati, m'malo obisika, ndipo penti ndiye amathandiza kubisa matendawo.

Kuli kachipangizo kakang'ono koyendera batire, kokwana m'thumba la jekete, komwe ntchito yake ndi kuyeza chinyezi chomwe chili m'kati mwa thabwa kapena m'khoma la boti. M'maiko monga Britain ndi America, katswiri woyendera maboti amayenda nako pantchito, ndipo munthu wochenjera sagula boti logwiritsidwapo kale ntchito asadamve zomwe kapeza. Yakwana nthawi yakuti kachipangizoka kafikenso m'madoko a dziko lino, m'manja mwa oyendera maboti a boma, okhoma maboti ndi makomiti a asodzi.

Kwa ena boti ndiye msewu

Nkhani ya maboti si ya asodzi a usipa ndi utaka okha ayi. Anthu a pazilumba za Likoma ndi Chizumulu amadalira madzi pa chilichonse: ufa, simenti, malata, mankhwala ngakhale ulendo wa ana opita kusukulu kumtunda. Sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951, m'malo ambiri sifika pagombe. Imaima pakuya, ndipo anthu ndi katundu wawo amafika kumtunda pamaboti ang'onoang'ono.

Ku Ruarwe m'boma la Nkhata Bay ndi ku Tcharo m'boma la Rumphi, mayi woyembekezera zikamuvuta usiku ambulansi yake ndi boti. Anthu a pachilumba cha Chisi panyanja ya Chilwa nawo ndi chimodzimodzi. Kuchigwa cha Shire anthu amaoloka mtsinje tsiku ndi tsiku popita kudimba, kumsika, kuchipatala ndi kumaliro.

Pa usodzi pomwepo, amene amaika moyo pachiswe nthawi zambiri si mwini boti. Mwini boti ndi ukonde amatsala pagombe kudikira nsomba za m'mawa, pomwe alovi, anyamata aganyu, ndiwo amagona panyanja usiku wonse ndi nyali zawo. Iwowa alibe mawu pa nkhani yokonzetsa boti. Akadandaula kuti likulowa madzi amapatsidwa chigubu chodula kuti azikapa.

Mbiri ya ngozi nayo ndi yaitali. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira kufupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 adatsikira kulichete. Pa Pasaka wa 2017 boti lomwe lidanyamula anthu ochokera kumapemphero lidagubuduzika kufupi ndi Mlowe ku Rumphi. Mu April 2023 anthu opita kumaliro adamira mumtsinje wa Rusa ku Mchinji, ndipo mwezi wotsatira mvuu idagubuduza bwato mumtsinje wa Shire ku Nsanje.

Palibe akunena kuti ngozi zimenezi zidadza kaamba ka matabwa owola. Vipya idali yachitsulo ndipo idakumana ndi namondwe. Ku Mlowe nkhani idali ya mphepo ndi kuchuluka kwa anthu. Ku Nsanje idali mvuu. Mfundo ndi yakuti pamadzi pali kale adani okwanira omwe munthu sangawalamule. Mwera sauletsa, mvuu sayipatsa malamulo. Koma kulimba kwa boti kuli m'manja mwa anthu. Boti lolimba likamenyedwa ndi funde limagwedezeka n'kupitiriza ulendo. Lowola likamenyedwa ndi funde lomwelo msomali umazuka, thabwa n'kutseguka.

Vuto lina ndi lakuti nyanja ya Malawi ndi yozama mamita pafupifupi 700 m'malo ena. Boti la asodzi likamira kutali ndi gombe, kawirikawiri palibe amalivuula kuti akaone thabwa lomwe lidayamba kugonja. Mlandu wonse umangogwera mphepo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mmene thabwa limawolera

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi ndiwo amawoletsa thabwa. Zoona zake n'zakuti chimadya thabwa ndi tizamoyo ta mtundu wa bowa, abale ake a chuku chomwe chimamera pamkute ukakhalitsa. Tizamoyoti timafuna zinthu zinayi: chakudya, chomwe ndi thabwalo, mpweya, kutentha ndi chinyezi.

Chinyezi cha thabwa amachiwerengera poyerekeza kulemera kwa madzi omwe ali m'thabwamo ndi kulemera kwa thabwalo litauma gwa. Mwachitsanzo, thabwa lomwe litauma kotheratu limalemera makilogalamu 10, koma pano likulemera makilogalamu 13, ndiye kuti lili ndi chinyezi cha 30 peresenti. Mtengo wongodulidwa kumene nthawi zambiri umapitirira 50 peresenti. Thabwa lomwe laumitsidwa bwino pamthunzi limatsika kufika pakati pa 12 ndi 18 peresenti malinga ndi nyengo.

Akatswiri a zamatabwa amagwirizana kuti thabwa lomwe chinyezi chake chili pansi pa 20 peresenti siliwola. Chikamayandikira 30 peresenti n'kukhala choncho kwa nthawi yaitali, bowa uja amapeza pokhala. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, komwe kulibe chisanu choti n'kumugoneka, kumachititsa kuti azidya chaka chonse osapuma.

Chodabwitsa n'chakuti thabwa lomizidwa m'madzi nthawi zonse siliwola msanga chifukwa kumeneko mpweya ndi wochepa. Malo oopsa ndi omwe amanyowa, n'kuuma pang'ono, n'kunyowanso: m'malire a madzi, pansi pa mipando, pomwe nthiti za boti zakumana ndi matabwa a m'mbali, kumphuno komwe mphepo sipita, ndi thabwa la kumbuyo pomwe amamangirira injini. Madzi a mvula osiyidwa m'boti lomwe lili pamtunda amaononga kuposa madzi a m'nyanja omwe botilo limayandamapo.

Pali chinanso. Mchere wa m'nyanja zikuluzikulu umachedwetsa bowayu, n'chifukwa chake okhoma zombo zamatabwa akalekale ankathira mchere pakati pa nthiti za zombozo. Madzi a nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire alibe mchere wotero, kotero maboti a kuno alibe chitetezo chimenecho.

Choopsa kwambiri n'chakuti thabwa limayamba kutaya mphamvu lisadasinthe maonekedwe. Pomwe lizifika pofewa moti chala n'kulowa, limakhala litafooka kalekale. Misomali yachitsulo nayo ikachita dzimbiri m'thabwa lonyowa imaononga thabwa loizungulira, n'kutsala yongolendewera m'mabowo.

Matabwa adasintha

Wina angafunse kuti nanga makolo ankayenda bwanji panyanja zaka zonsezi popanda makina? Yankho lina lili m'nkhalango. Kale wosema bwato kapena wokhoma boti ankasankha mitengo yosawola msanga monga mlombwa, mbawa ndi chonya. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje udatchuka pa ntchito yokhoma maboti chifukwa mafuta ake amathamangitsa chiswe ndi bowa. Lero mkungudzawo, womwe ndi mtengo wa fuko lino, udatsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo mlombwa waukulu woti n'kuchekamo matabwa a boti ndi wosowa komanso wodula.

M'malo mwake mudalowa paini, bulugamu ndi mango. Mitengo imeneyi imagwira ntchito ndithu, koma paini ndi mango sizipirira chinyezi ngati mlombwa, pomwe bulugamu amang'aluka ndi kupindika akauma mofulumira. Choipa kwambiri n'chakuti kaamba ka changu cha ndalama, matabwa ena amachoka kocheka n'kukafika kwa wokhoma boti akadali aawisi. Boti lotere likapakidwa penti, madzi amatsekeredwa m'kati. Pentiyo samata bwino, guluu sagwira, ndipo matabwawo akamauma amanyala n'kusiya mipata yomwe mwini boti azingomata ndi phula ndi nsanza mpaka kalekale.

Apa ndi pomwe kachipangizo koyezera chinyezi kangayambire kupulumutsa ndalama, boti lisadakhomedwe n'komwe. Msodzi amene wagulitsa ng'ombe kapena kutenga ngongole kuti akhometse boti ali ndi ufulu wodziwa ngati matabwa omwe akulipirawo ndi ouma.

Kusintha kwa mulingo wa madzi nako kumaonjezera mavuto. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 komanso mu 2018, maboti adakhala miyezi ali gone pamatope ouma, padzuwa. Thabwa likauma mopitirira limang'ambika, ndipo madzi akabwerera amalowera m'ming'alu yomweyo kukafika pakati penipeni pa thabwa.

Faiba nayo imamwa madzi

Pali chikhulupiriro chakuti boti la faiba ndi lamuyaya, siliwola. Ndi zoona kuti faiba yeniyeniyo bowa sadya. Koma maboti ambiri a faiba sakhala a faiba yokhayokha. Thabwa la kumbuyo nthawi zambiri limakhala la pulayiwudi wokutidwa ndi faiba mbali zonse. Pansi popondapo ndi m'nthiti namonso mumakhala thabwa, pomwe m'maboti ena amaika mtengo wopepuka wa balsa kapena thovu louma pakati pa zikopa ziwiri za faiba.

Madzi amalowera m'mabowo a mabawuti a injini, m'timing'alu ndi pena paliponse pomwe padabooledwa koma osamatidwa bwino. Akalowa satuluka, chifukwa faiba yomwe imayenera kuwatchinga kunja ndi yomwenso imawatsekera m'kati. Pulayiwudi amawola mwakachetechete mpaka kusanduka ngati phala, kunja kukuoneka kosalala ndi konyezimira. Injini ya mahosipawa 40 imalemera makilogalamu oposa 60, ndipo ikamakankha boti mphamvu yake yonse imathera pathabwa lomweli. Likagonja pakati pa nyanja, injini imatha kupita ndi chidutswa cha boti, madzi n'kulowera pomwepo.

Ngozi yofanana ndi imeneyi ili pa chizolowezi chokuta boti lakale lamatabwa ndi faiba pofuna kuti lisiye kudontha. Ngati matabwawo adali onyowa pokutidwa, mwini boti amakhala wangofunditsa matenda bulangete.

Thovu lomwe amaika pansi pa mipando kuti boti lisamire likadzaza madzi nalo limatha kumwa madzi pakapita zaka. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Boti lomwe lamwa malita 150 ndiye kuti lanyamula kale matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 munthu asadakwere ndi mmodzi yemwe. Boti lotere limayenda litatitimira, limadya mafuta ambiri, ndipo tsiku la ngozi thovu lomwe limayenera kuliyandamitsa limakhala litasiya kale ntchito.

Palinso matenda otchedwa osmosis. Khungu lakunja la boti la faiba, lomwe amati gelcoat, limalola timadzi tochepa kwambiri kudutsa pang'onopang'ono. Timadziti tikakumana ndi zotsalira za mankhwala opangira faiba timapanga madzi a asidi onunkha ngati viniga, omwe amakoka madzi ena mpaka khungu lija kutuluka matuza. Matendawa amafulumira m'madzi ofunda ndi opanda mchere, ndipo nyanja ya Malawi, yomwe madzi ake apamwamba amatentha madigiri 24 mpaka 29, ili ndi zonse ziwiri. Matuza okha samiza boti kawirikawiri, koma ndi chizindikiro chakuti khoma lamwa madzi, ndipo akalekereredwa zikopa za faiba zimayamba kulekana.

Kamagwira ntchito bwanji?

Mlimi aliyense amadziwa kale za kuyeza chinyezi. Kwa zaka zambiri alimi akhala akumva kuti misika ya Admarc kapena nkhokwe za NFRA sizingayambe kugula chimanga mpaka chitauma kufika cha m'ma 13 peresenti, chifukwa chonyowa chimawola m'nkhokwe. Ngati thumba la chimanga amaliyeza asadalilandire, kuli bwanji boti lomwe linyamule anthu 30? Makina ake ndi osiyana, a chimanga sangayeze boti, koma nzeru yake ndi imodzi.

Zipangizozi zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi timisomali tiwiri takuthwa tomwe amabaya m'thabwa. Magetsi ochepa amachoka pa kamsomali kamodzi kupita pa kanzake. Thabwa louma limakaniza magetsi, lonyowa limawalola kudutsa mosavuta, ndipo kachipangizoko kamasandutsa kusiyanako kukhala nambala. Mtundu umenewu umanena zoona kwambiri pakati pa 6 ndi 30 peresenti, ndipo ndi woyenera maboti amatabwa ndi mabwato.

Mtundu wachiwiri subaya. Amangougunditsa pakhoma la boti ndipo umatumiza mphamvu ya magetsi yomwe imalowa m'kati kuyambira sentimita imodzi mpaka masentimita atatu, malinga ndi chipangizocho. Madzi amagwira mphamvu imeneyi kwambiri kuposa faiba kapena thabwa louma, kotero pomwe pali madzi nambala imakwera. Uwu ndiwo umagwira ntchito pa maboti a faiba chifukwa susiya bowo. Makampani monga Tramex ya ku Ireland ndi Sovereign ya ku Britain adatchuka popanga zipangizo zoyezera maboti, pomwe Delmhorst ndi Wagner a ku America amadziwika ndi zoyezera matabwa.

Kayezedwe kake kamafuna kudekha. Boti liyenera kutulutsidwa m'madzi, kukapidwa, kutsukidwa ndi kusiyidwa kuti kunja kuume. La faiba limafuna masiku angapo. Woyeza amayamba ndi malo omwe akudziwa kuti ndi ouma, monga m'mbali chakumwamba, kuti apeze nambala yoyerekezera. Kenaka amayenda boti lonse akulemba nambala ndi choko paliponse pomwe wayeza. Nambala imodzi sinena kanthu; nkhani imatuluka zonse zikaonedwa pamodzi. Ngati thabwa la kumbuyo likuonetsa nambala yotsika m'mbali koma yokwera kuzungulira mabawuti a injini, ndiye kuti madzi akulowera pamenepo.

Zomwe otsutsa anganene

Pali zifukwa zomveka zomwe ena angakanire ganizoli, ndipo ndi bwino kuzimva.

Choyamba, boti limakhala m'madzi, nanga likhala louma bwanji? Izi n'zoona. Matabwa a pansi pa boti lomwe limagona m'madzi amakhala onyowa nthawi zonse, ndipo ayenera kutero kuti afufume n'kutseka mipata. Nambala yokwera pamenepo si mlandu. Kachipangizoka sikayeza kuwola, kamayeza madzi basi. Phindu lake lili poloza madzi pamalo pomwe sayenera kukhala, ndi pomwe diso silingafike.

Chachiwiri, kamanama nthawi zina. Chitsulo chobisika, misomali, thanki ya mafuta, madzi otsalira pansi m'boti, mame a m'mawa ngakhale penti wina wokhala ndi mkuwa, zonsezi zimakweza nambala pomwe palibe vuto. Mitengo yosiyana imafuna kuwerengera kosiyana, ndipo pa faiba nambala yake si peresenti yeniyeni ya madzi koma yongoyerekezera malo ena ndi ena. M'maiko momwe zipangizozi zidafala, maboti abwinobwino akanidwapo pamsika kaamba ka woyeza wosadziwa ntchito. Choncho chipangizo chisafike padoko chokha. Chifike pamodzi ndi maphunziro a wochigwira.

Chachitatu, amisiri akale ali ndi njira zawo. Amagogoda boti ndi kahamala: thabwa lamoyo limalira momveka bwino, lowola limalira ngati ng'oma yonyowa. Amabaya ndi nsonga ya mpeni, amanunkhiza m'makona. Nzeru imeneyi siyenera kunyozedwa, ndipo akatswiri a kunja nawo amayenda ndi kahamala komweko. Koma hamala imamva thabwa lomwe laonongeka kale, pomwe kachipangizo kamaona madzi kuwola kusadayambe, nthawi yomwe kuumitsa ndi kumata bowo limodzi n'kokwanira. Ziwirizi ndi zothandizana: china chimaloza, china chimatsimikiza. Pomwe zonse zagwirizana, mmisiri amaboola kabowo kakang'ono n'kuona utuchi. Ukatuluka woyera ndi wouma zili bwino, kabowoko n'kumatidwa. Ukatuluka wakuda ndi wonyowa ndiye kuti thabwa lisinthidwe.

Chachinayi ndi mtengo. Zoyezera maboti a faiba zimagulidwa madola mazana angapo, ndalama zomwe msodzi mmodzi sangazitaye pa chinthu chogwiritsa ntchito kawiri pachaka. Koma za timisomali zija n'zotsika mtengo. Ndalama yake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa injini kapena ukonde wa chilimira. Komanso palibe chifukwa choti aliyense akhale ndi chake. Chimodzi chikhoza kutumikira doko lonse.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chodetsa nkhawa kwambiri, ndi katangale. Chipangizo chomwe nambala yake ingathe kuletsa boti kuyenda chikhoza kusanduka khasu lolimira m'matumba a asodzi. N'chifukwa chake kuyeza kuyenera kuchitika poyera, mwini boti ndi a komiti ali pomwepo, nambala n'kulembedwa m'buku. Ndipo nambala yokha isakhale chifukwa chokanizira boti kuyenda popanda umboni wa hamala ndi utuchi.

Achitepo kanthu ndani?

Lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995 lidapereka kale mphamvu kunthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi kuti iziyendera ndi kulembetsa maboti, monga momwe galimoto imayenera kukhalira ndi COF. Chofunika n'chakuti oyendera mabotiwo akhale ndi zipangizo zoyezera chinyezi, ndipo kuyeza thabwa la kumbuyo, nthiti ndi pansi pa mipando kuzichitika pa boti lililonse lonyamula anthu lisadapatsidwe chiphaso. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards likhoza kuthandiza poonetsetsa kuti zipangizozo zikunena zoona.

Sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe ku Mangochi, komwenso kudatchuka ndi ntchito yokhoma maboti, ndi sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay ndi malo oyenera kuphunzitsirako luso limeneli. Maphunziro ake si a zaka. Mmisiri wodziwa kale matabwa akhoza kuigwira nzeruyi m'masiku ochepa.

Makomiti a m'madoko, omwe amadziwika kuti ma BVC, adayambira kunyanja ya Malombe m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Amene akusamala nsomba asamalenso asodzi ake. Mutu umodzi susenza denga: eni maboti a padoko limodzi akhoza kusonkherana n'kugula chipangizo chimodzi, komiti n'kumasunga buku la maboti onse. Nambala ya chaka chino ikayerekezedwa ndi ya chaka chatha imanena zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi.

Nthawi yake iliponso. Nyengo yoletsa makoka ena, yomwe panyanja ya Malawi imayamba mu November, komanso mwambo wa pachilumba cha Mbenje ku Salima, komwe mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya dzinja, zimapereka mpata woti maboti akwere kumtunda. Koma poti imeneyi ndi nyengo ya mvula, mabotiwo ayenera kukhala pansi pa chisakasa, ang'onoang'ono n'kutembenuzidwa n'kuikidwa pamitengo, osati kusiyidwa chagada kuti asanduke migolo yokingira mvula. Kuyeza kwina kuzichitika cha mu April, mwera usadayambe.

Mabungwe obwereketsa ndalama kwa asodzi, ndi anthu omwe amagula maboti akale ochokera kunja kapena kumalo ogona alendo, aziyamba afunsa kaye zotsatira za kuyeza. Safunsa adadya phula. Maboti opulumutsira anthu pamadzi osefukira, omwe kufunika kwake kudaoneka pa namondwe wa Freddy mu March 2023, nawo aziyezedwa chaka ndi chaka, chifukwa boti lomwe limakhala pamtunda miyezi khumi likudikira tsoka ndi lomwe limamwa madzi a mvula popanda wozindikira.

Pomwe zipangizozo zisadafike, mwini boti aliyense ali ndi zomwe angachite lero popanda kulipira: kukapa madzi boti likangofika pagombe ndi mvula ikangokata, kuchotsa mchenga, mamba ndi maukonde onyowa omwe amasunga chinyontho m'makona, kusiya mpata woti mphepo izipita pansi pa mipando, kumata bowo lililonse la bawuti, ndi kupewa kupaka penti kapena faiba pathabwa lonyowa.

Okwera nawo ali ndi mbali yawo. Munthu amene amakana kukwera minibasi ya matayala akutha ali ndi ufulu wofunsanso kuti boti lidayezedwa liti, ndipo adaliyeza ndani. Minibasi ikaonongeka panjira anthu amatsika n'kudikira ina pamthunzi. Pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu pali makilomita oposa 50 a madzi okhaokha, ndipo palibe potsikira.